Faifi wa Pakhoma la Che Bwanali

Dzulo tinali ku sadaka ya Che Bwanali. Masiku makumi anayi akwana chiwaikireni m'manda, koma mpaka pano ndikamadutsa pa msewu wawo ku Brampton, kuno kudziko la azungu, phazi limapita lokha pa buleki. Anthu anayankhula zambiri pa sadakapo. Anati anali munthu wa swala, wosaphonya mapemphero, anati ndiwo ankasambitsa maliro a Asilamu a kwathu kuno, anati mlendo sankabwerera pakhomo pawo. Zoona zonsezo. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za manambala. Ine ndinangokhala pakona, mbale ya mpunga pamwendo, mtima ukuwira, ndikuti anthu awa akusiyiranji chenichenicho. Si ine munthu wa zolembalemba, sukulu ndinaisiyira panjira, koma izi ndalemba ndekha chifukwa ndikapanda kutero ndikalipira munthu wosalakwa.

Che Bwanali anali telala. Kwawo kunali cha ku Namwera, ndipo asanabwere kuno anasoka zaka zambiri pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Kuno anafika imvi zitayamba kale. Ankasokera m'chipinda chapansi pa nyumba imene ankakhala, chotsikira masitepe, chokhala ndi kawindo kamodzi kolingana ndi nthaka. M'chilimwe ankaonapo nsapato za anthu odutsa, m'nyengo yozizira kankatsekeka ndi chipale chofewa mpaka Malichi. Ankapinda mathalauza, ankachepetsa madiresi a ukwati, koma ntchito imene inkawadyetsa inali jezi za hoke. Osati za akatswiri a pa TV ayi. Za matimu a ife anthu wamba, oyendetsa mathiraki, onyamula makatoni, azibambo a mimba zawo amene Lamlungu masana amavala nsapato zampeni n'kumakathamangitsana ndi ndodo pa ayisi.

Iwo pa ayisi sanapondepo moyo wawo wonse. Ankati madzi Mulungu anawalenga kuti tizimwa ndi kutawazira, osati kuyendapo. Koma pa nkhani ya manambala a masewerawa sindinakumanepo ndi mzungu wowaposa. Anaziphunzira pa wailesi imene inkalira tsiku lonse pambali pa makina, komanso kwa nkhalamba zachizungu zobweretsa jezi, zimene ankazikhazika pa mpando n'kuzifunsa mafunso mpaka tiyi kuzizira.

Kukhoma anali ndi kabati ya madirowa khumi, kuyambira ziro mpaka naini. Nambala iliyonse ankaidula okha ndi sizasi pa nsalu yokhuthala, potsata zikatoni zimene anajambula ndi dzanja. Manambala omata ndi ayironi ankadana nawo koopsa. Ankati amenewo ndi ukwati wa ku bala, ukangoona madzi watha.

Anthufe ankatiitana ndi manambala athu. Dzina ankaliiwala tsiku lomwelo, koma nambala ya munthu ndi kukula kwa chifuwa chake, zimenezo ayi. Ine ndine Limbani, koma kwa iwo ndinali Fote-seveni chiyambire.

"Fote-seveni, sabata ino wamenya ndani?"

"Palibe, ankolo."

"Ndiye kolalayu wadzing'amba yekha? Bwera naye kuno. Abiti! Mpatseni tiyi msilikaliyu. Shuga wambiri, mwina mtima ungatsekemere."

Abiti Saidi ndi akazi awo. Ankatsika ndi tiyi uja akupukusa mutu, n'kunena kuti m'nyumba muno muli ana awiri, wina wa imvi.

Nambala yangayo ankaiseka. Ankati kale matimu akuluakulu ankayenda pa sitima zogonamo, ndipo mabedi ankagawidwa potsata manambala. Wa nambala yaing'ono ankagona pa bedi lapansi, lotakasuka. Wa nambala yaikulu ankakwera pamwamba ngati nkhuku. N'chifukwa chake goloboyi, munthu amene amayenera kugona bwino kuposa onse, ankavala wani, ndipo otchinga kumbuyo ankatenga thu, fili, folo, faifi. Naini inali ya akamuna ogoletsa. Manambala akuluakulu ankapatsidwa kwa anyamata ongoyesedwa, oti mawa abwerera kwawo.

"Ndiye iwe ndi fote-seveni wakoyo," ankatero, "ukanagona padenga la sitima, pamodzi ndi utsi."

Nthawi imene ligi yaikulu inalamula kuti 99 asadzavalenso munthu wina m'timu iliyonse, polemekeza katswiri wina wotchuka amene ankaivala, kunabwera bambo wina wonenepa kudzafuna nambala yomweyo pa jezi yake. Che Bwanali anamuyeza chifuwa, anamuyeza mimba, anayang'ana tepi nthawi yaitali, kenako anamuuza kuti manaini atha. Bamboyo analoza dirowa ya masikisi n'kunena kuti angotembenuza awiri. Che Bwanali anamutsegulira chitseko kuti azipita.

Malamulo a eni dziko ankawasunga choncho, koma si kuti ankagwirizana nawo onse. Chimene sankachimvetsa chinali mwambo wopachika jezi ya munthu kudenga la bwalo kuti nambala yake ipume, asadzavalenso wina. Apa ndiye tinkakangana mpaka Abiti kugogoda pansi ndi ndodo ya mopu kuchokera kumwamba. Iwo ankati kwathu pa mpira wamiyendo jezi zinali khumi ndi imodzi basi, ndipo nambala inali ya malo, osati ya munthu. Naini akathyoka mwendo, mnzake ankavala jezi yomweyo thukuta lisanaume. Ankatinso munthu akamwalira zovala zake timagawana, kuti aziyendabe pakati pathu. Iwo malaya a bambo awo anavala mpaka anabooka m'zigongono. Nanga awa, malaya abwinobwino, kuwapachika kumwamba kuti azidya fumbi? Ine ndinkaikira kumbuyo azungu, osati chifukwa ndinkadziwa zambiri, koma chifukwa sindimatha kumva munthu akunena chinthu osamutsutsa.

Pamwamba pa makina awo, pakhoma, panali kanambala kamodzi kobayidwa ndi phini. Faifi wamng'ono wabuluu, wa pamkono wa jezi, wothimbirira, wa mzere wakuda pakati. Alendo ankafunsa chifukwa chake telala waukhondo chotere akusunga kansanza pakhoma. Iwo ankangoti n'ka mwini wake, sanabwere kudzatenga. Mwini wakeyo ndine. Koma poyamba kanali ka Dani.

Dani anali mzungu wa ku Oshawa, mkulu kwa ine ndi zaka khumi ndi zingapo. Tinkagwira ntchito m'nyumba imodzi yosungiramo katundu, ndipo ndiye anandikokera ku timu ya pantchito pathu. Ine ndinabwera kuno ndili wamkulu kale, ayisi ndinkangomudziwira mu firiji. Miyezi yoyamba ndinkagwa ngati thumba la chimanga, anthu n'kumaseka, ine n'kumadzuka ndi zibakera. Dani yekha sankaseka. Ankandigwira pamsana pa jezi n'kumandikankha pang'onopang'ono ngati wilibala, akunena kuti pinda maondo, usayang'ane pansi. Ankasewera kumbuyo, nambala faifi, kuyambira timuyo isanakhale ndi dzina.

Jezi yake inali yotchuka chifukwa cha fungo. Sankaichapa. Ankati chaka chimene timu inatenga chikho chake choyamba iye sanaichape nyengo yonse, ndiye akaichapa mwayi upita ndi madzi. Ikatuluka m'chikwama anthu ankathawira kukhomo.

Anamwalira pa ngozi ya galimoto, m'mawa wina wa chipale, akubwera kuntchito. Inali nyengo ija imene ligi yaikulu sinasewere ngakhale gemu imodzi chifukwa eni matimu ndi osewera ankakanganirana malipiro, ndipo anthu osowa choonera ankadzadza timabwalo tathu tating'ono. Timu inagwirizana kuti faifi asadzavalenso wina, ndipo jezi ya Dani ikapachikidwe kudenga la bwalo lathu Lamlungu, amayi ake alipo. Amayiwo anaitulutsa okha m'chikwama chake n'kupatsa kaputeni wathu. Kaputeni anapatsa ine.

"Pita nayo kwa ankolo ako aja. Asoke polowetsa ndodo yopachikira, basi. Uisamale, Limbani. Ilipo imodzi yokha."

Linali Lachitatu. Ndinaimika galimoto pakati pa msewu, wina kumbuyo n'kuyamba kuliza hutala, ine n'kuyamba kumutukwana. Ndinatsika masitepe mothamanga, n'kuponya jumbo pa tebulo la Che Bwanali. Ndinawauza kuti iyi ndi ya mnzathu wamwalira uja, tikaipachika Lamlungu, musoke polowetsa ndodo. Ndinatuluka kukamalizana ndi wa hutala uja. Zoti isachapidwe sindinanene. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu kuti pali munthu padziko amene angachape jezi ya Dani.

Lachisanu masana, iwo atabwerako ku mzikiti, ndinapita kukatenga. Ndili pa masitepe ndinadabwa kuti fungo lija silikumveka. Kunkamveka sopo, ndi mafuta onunkhira aja amathira pa sanda.

Jezi inali pa hang'ala pakati pa chipinda, yoyera mbee. Mizere yakuda yonse ya ndodo ndi ya kamphira kaja timamenya inali itachoka. Pachigongono pamene panali pong'ambika panali posokedwa bwino moti sukanapaloza. Kumsana ndi m'mikono munali mafaifi atsopano, owala, odulidwa mwaluso. Che Bwanali anaima pambali pake manja kumbuyo, nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Katatu ndaichapa," anatero. "Ndi manja, osati pa makina. Kuyambira mbali ya kumanja, monga zimayenera. Tsiku loyamba madzi anachita kuda ngati a m'ngalande. Koma taona tsopano. Apite ngati munthu."

Zimene ndinachita sindizinyadira. Ndinamenya kabati ija theche, dirowa ya mafaifi n'kugwa, manambala n'kumwazika chipinda chonse.

"Mwachita chiyani? Mwachita chiyani, ankolo? Ndani anakutumani? Munthu wafa kamodzi, inu mwamuphanso! Mukanangokhala pakhonde panu ku Limbe muzipinda mathalauza, zinthu za eni ake simuzidziwa!"

Abiti anaima pakati pa masitepe, dzanja pakamwa. Mwana wa munthu kuyankhula choncho kwa bambo wa imvi, m'nyumba mwake. Ndinadikira kuti andithamangitse. Che Bwanali anagwada pang'onopang'ono, maondo akulira, n'kuyamba kutola mafaifi aja mmodzimmodzi, kuwapukuta pa malaya, kuwasanja. Atatha anafunsa osandiyang'ana.

"Magazi anali pakolala aja anali a ndani?"

Ndinawauza kuti anali a Dani yemwe, tsiku limene kamphira kanamuchotsa dzino iye n'kupitiriza kusewera. Anafunsa za mzere waukulu wa paphewa. Ndinati ndi tsiku la chikho, pamene anadziponya pansi kutchinga chigoli mphindi yomaliza. Anafunsa za pachigongono. Panang'ambika tsiku limene anandikoka pakati pa ndewu, anthu atatu atandizungulira.

Anakhala pa mpando wawo. Anavula kofia, n'kuiyang'ana mkati ngati muli yankho.

"Ndiye kuti zinali zolemba," anatero. "Ine n'kuziyesa litsiro."

Mbiri ya manambala ankaidziwa yonse, koma jezi yopachika anali asanaigwirepo m'manja. Ankangoziona pa TV, zili kutali kumwamba, zikuoneka zoyera. Ndipo iwo anali munthu wosambitsa maliro. Zaka zonsezo sanalolepo munthu kupita kumanda ndi litsiro ngakhale la m'chikhadabo. Atamva kuti mwini jeziyo wamwalira, manja awo anachita zimene amadziwa.

Kenako anaweramira pansi pa tebulo n'kutulutsa chitini cha mabisiketi chimene ankasungiramo zidutswa. Telala wa kwathu sataya kansalu. Mkati munali mafaifi atatu akale, wamkulu wa kumsana ndi awiri a m'mikono. Anali atawachotsa ndi lezala asanayambe kuchapa, poopa kuti buluu angasuluke n'kuthimbiriritsa poyera. Madzi sanawakhudze. Atangotsegula chitinicho, Dani analowa m'chipindamo ndi fungo lake lija. Abiti anatsokomola pa masitepe.

Mutu wanga unayamba kuthamanga. Ndinati zatheka, ankolo, bwezeretsani akalewa, ine nditenga jezi ndikaikhulize pa simenti panja, ndiimenye ndi ndodo, ndiipake kamphira, pofika Lamlungu palibe adzadziwe.

"Bodza pa maliro?"

"Nanga titani? Kaputeni andipha!"

"Akupha iweyo, ine ayi? Amayi a malemuyo amakhala kuti?"

"Ku Oshawa."

"Mawa m'mawa ubwere ndi galimoto. Uvale malaya a kolala."

M'mawa mwake tinanyamuka kupita ku Oshawa. Anavala mkanjo woyera, pamwamba chikhoti chawo chachikulu chija, jezi ataipinda pamiyendo ngati khanda, chitini m'thumba. Ine ndinkangoganiza zotembenuza galimoto.

Amayi a Dani anali gogo wamfupi wa tsitsi loyera, wamasiye, m'kanyumba kakang'ono ka njerwa. Che Bwanali anavula nsapato pakhomo ngakhale anauzidwa kuti asavutike. Anakana kukhala pansi asananene chimene anabwerera. Chizungu chawo chinali chapang'onopang'ono, chosankha mawu ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala.

"Mayi, ine ndine telala. Kwa anthu a kwathu ndinenso wosambitsa akufa. Malaya a mwana wanu anabwera kwa ine, ndipo ndawachita zimene ndikanachitira mwana wanga. Ndawachapa. Sindinafunse. Ndalakwa, ndipo zimene ndachotsazo sindingathe kuzibweza. Mnyamatayu alibe mlandu."

Ndinafuna kunena kuti mlandu ndili nawo, koma anandiponda chala.

Amayi aja analandira jezi. Anaitambasula, anaitembenuza, anafunafuna pachigongono ndi chala. Kenako anaikanikiza kumaso n'kupuma mozama, kamodzi, kawiri. Anaiika pa mpando.

"Mwana wanga mulibemo," anatero.

Analowa kukhitchini. Tinamva mpopi ukutsegulidwa, madzi n'kumangotuluka, osatsekedwa. Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Ndamenyedwapo ndi anthu akuluakulu, koma palibe chinandipwetekapo ngati phokoso la madzi amenewo. Che Bwanali anatsegula chitini, n'kuyala mafaifi atatu aja pa tebulo, wamkulu pakati. Anabwerera pamalo pawo n'kuimanso.

Atatuluka, maso ali psuu, amayi aja anaona pa tebulo. Anatola wamkulu uja, n'kumufikitsa kumphuno. Nkhope yonse inakwinyika.

"Mulungu wanga! Uyu ndiye Dani. Kununkha kwake!"

Anayamba kuseka, misozi ikutsika, mpaka anagwira tebulo. Anati zaka zonsezi akhala akumuchonderera mwanayo kuti awapatse chinthucho achape, iye n'kumachibisa m'galimoto. Tsiku lina anachipeza n'kuchiviika m'beseni, iye anachita kuthamanga kuchokera kubafa ndi thaulo lokha kudzachilanditsa.

"Ndiye inu mwakwanitsa zimene zinandikanika ine mayi wake," anatero. "Sindikudziwa ngati ndikumenyeni kapena ndikupatseni khofi."

"Zonse ndilandira, mayi. Koma muyambe ndi khofi."

Tili pa khofipo anafunsa kuti kwathu timatani ndi zovala za munthu akamwalira. Ine ndinati basi, ayamba ulaliki wawo uja wa fumbi la kudenga. Koma anangoyankha mwachidule kuti timagawana, aliyense atengeko kake. Amayi aja anayang'ana mafaifi atatu aja. Kenako anakankhira wamkulu kwa Che Bwanali, kuti abwerere pa jezi. Mmodzi wamng'ono anamuika m'thumba la juzi yawo. Wotsalayo anamukankhira kwa ine.

"Ndiwe Limbani eti? Ankabwera kuno akudandaula za iwe. Ankati pali mwana wina amene akanakhala wosewera wabwino akanati azikhala pa ayisi, osati m'bokosi la olangidwa."

Ndinatambasula dzanja. La Che Bwanali linafika msanga.

"Ndimusungira, mayi. Panopa angakataye pa ndewu."

Madzulo a tsiku lomwelo Che Bwanali anamasula faifi watsopano wa kumsana n'kubwezeretsa wakale. Sanagwiritse makina. Anasoka ndi dzanja, magalasi pamphuno, akulondola timabowo ta singano takale kamodzikamodzi kuti nambala ikhale pamalo pake penipeni.

Lamlungu anabwera ku bwalo. Kanali koyamba, ndipo sanabwerenso. Anakhala pa benchi lakumwamba atadzikulunga m'chikhoti, manja m'khwapa. Jezi inakwera pang'onopang'ono pa chingwe, yoyera ngati sanda, pakati pake nambala yakuda ndi litsiro la zaka. Ife tinagogoda ndodo pa ayisi monga mwa mwambo. Amayi a Dani anaima pambali pa kaputeni, dzanja lili m'thumba la juzi.

Si onse anakhululuka. Kaputeni anandikalipira m'chipinda chovalira anthu onse akumva, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinabweze. Nyengo yotsatira jezi za timu yathu anakazipereka kwa a ayironi aja, ndipo matimu ena awiri atamva nkhaniyi anasiyanso kubwera. Che Bwanali sanadandaule. Anangoyamba chizolowezi chatsopano. Aliyense wobweretsa chovala, ngakhale thalauza longofuna zipi, ankamufunsa kaye kuti pali chimene sindiyenera kuchotsa apa? Anthu ankadabwa. Patapita chaka manambala omata aja anayamba kusupuka, timu yathu inabwerera yokha. Anailandira, koma faifi sanatidulirenso, ngakhale wa mu fifitini kapena twente-faifi. Ankati dirowa imeneyo kwa ife ndi yotseka, tisankhe zina.

Musaganize kuti anasintha maganizo pa za kupachika. Mpaka chaka chatha ankanenabe kuti n'kuwononga nsalu.

Kupepesa ndi pakamwa sindinapepese. Sabata yotsatira ndinangobwera ndi guluu ndi masikuluwu n'kukonza kabati ija. Anandiyang'anira ntchito yonse, tiyi m'manja.

"Yapendekeka."

"Siinapendekeke, ankolo."

"Yapendekeka. Isiye choncho, ndizikumbukira kuti ndili ndi mwana wa bulu."

Tsiku lomwelo ndi limene anabaya kafaifi kaja pakhoma. Anati adzakasokera mkati mwa jezi yanga, cha kumtima, kosaoneka, kuti lamulo la eni dziko lisasweke ndipo la kwathu likwanire. Koma pokhapokha ndidzamalize nyengo yathunthu osamenya munthu. Ndinati zimenezo n'zosavuta. Nyengo yoyamba ndinapirira magemu anayi. Yachiwiri ndinafika pakati, wina n'kunditchula dzina lina lokhudza khungu langa, zina zonse sindikumbuka. Yachitatu ndinatsala ndi magemu awiri okha. Nditabwera ndi mlomo wotupa anaseka mpaka kutsokomola.

"Usadandaule, Fote-seveni. Faifi sathawa. Dani anadikira amayi ake zaka zonse zija osachapa, alephera kudikira iwe?"

Sanadwale nthawi yaitali. Chifuwa chinawagwira chipale chitangoyamba, anagona m'chipatala masiku owerengeka. Tsiku lowasambitsa ine ndinaima panja pa chitseko, poti ndine Mkhristu, ndikumva madzi akuthiridwa mkati. Amuna amene ankawasambitsa onse anaphunzitsidwa ndi iwo. Ndinawerenga ndekha mumtima. Katatu.

Zovala zawo tinagawana monga ankafunira. Ine ndinalandira chikhoti chachikulu chija. Chimandithina m'mapewa ndipo manja ake ndi aafupi, koma ndikuvala.

Dzulo anthu atabalalika pa sadaka, Abiti anandipatsa kiyi wa chipinda chapansi.

"Pita ukatenge kako kaja, mwanawe. Mwezi wamawa tichotsamo zonse."

Ndinatsika ndekha. Kawindo kaja n'kotsekeka ndi chipale, ndiye ndinayatsa getsi. Wailesi ili pamalo pake, yozima. Kabati ikadali yopendekeka, anali kunena zoona. Pa tebulo pali jezi ya timu ina, yofiira, nambala imodzi yosokedwa, inzake yongogwiriziridwa ndi maphini, mwini wake sindikumudziwa. Tepi yoyezera ili pa msomali. Mpando wawo uli ndi dzenje pakati pa khushoni, ndipo pansi pa makina simenti inachita kusalala pamene chidendene chawo chinkakhala. Mu singano muli ulusi woyera, wotsala pang'ono.

Kafaifi kali pomwe paja. Ndinakagwira ndi chala, ndinafikitsa mphuno. Fungo linatha kalekale, kamangomveka mafuta a makina ndi tiyi.

Nyengo ino sindinamenye munthu. Palibe amene akudziwa kuti ndikuwerenga, koma kwatsala magemu atatu. Ndinasiya phini ili pomwepo, ndinazimitsa getsi, ndinakwera masitepe. Abiti anayang'ana m'manja mwanga, anaona kuti mulibe kanthu. Anangolandira kiyi n'kumupachika pa msomali wa pakhomo, pamene ndingathe kumufikira.